Mwana wanga ali Fomu 1: kodi ayambe kukonzekera mayeso a SAT panopa?

Make Tadala, Area 25

Ndikupatsani moni nonse. Ndabwera ndi nkhani yomwe yatigawa pakati m'nyumba mwathu, ndipo ndikupempha nzeru makamaka kwa aphunzitsi ndi kwa inu amene munalembapo mayeso amenewa.

Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 13 ndipo ali Fomu 1 pa sukulu ina yoyendera kuno ku Lilongwe. Amakhoza bwino ndithu, moti teremu yathayi anali wachinayi m'kalasi mwawo, ngakhale kuti masamu ndiwo amamukokera pansi. Amalume ake, omwe amakhala ku America, anaimba foni mwezi watha n'kundiuza kuti ngati tikufuna mwanayu adzapeze mwayi wa maphunziro aukachenjede kunja, tiyambe kumukonzekeretsa mayeso a SAT, omwe sukulu zaukachenjede za ku America zimagwiritsa ntchito posankha ophunzira, adakali wamng'ono, chifukwa kumeneko makolo ena amayamba msanga. Sipanapite sabata ziwiri, mwanayo anabwera ndi kapepala kochokera kwa mphunzitsi wina wa maphunziro apadera, kolengeza kuti watsegula kalasi ya SAT ya Loweruka lililonse ya ana a Fomu 1 ndi Fomu 2. Ndalama yomwe akufuna pamwezi ndi yomwe ife timagulira makala ndi ndiwo za sabata ziwiri.

Bambo ake akukana. Iwo akuti mwana ali ndi JCE chaka chamawa, ndiye tisamusokoneze mutu ndi mayeso a dziko la eni. Ine mtima wanga uli pawiri, chifukwa sindikufuna kuti tsiku lina mwanayu adzatiloze chala kuti tinamutsekera khomo chifukwa choumira. Kodi mwana wa msinkhu umenewu angakonzekere chiyani chenicheni? Nanga kalasi ya Lowerukayi ndi yofunikadi, kapena pali njira ina?

Mphunzitsi wa Masamu, Kawale

Amayi, funso lanu ndi labwino, ndipo ndiyamba ndi kulekanitsa zinthu ziwiri zomwe zikuoneka kuti zasakanikirana pakhomo panupo.

Sukulu zaukachenjede za boma za kuno kwathu, monga UNIMA ku Zomba, MUBAS ndi KUHeS ku Blantyre, LUANAR kuno ku Bunda, MZUNI ndi MUST ku Thyolo, sizifunsa SAT kwa mwana amene walemba MSCE. Kasankhidwe ka ophunzira kamadzera ku bungwe la NCHE, ndipo chomwe amayang'ana ndi zotsatira za MSCE zochokera ku MANEB. Mwana ayenera kukhala ndi makirediti asanu ndi limodzi, limodzi mwa iwo la Chingerezi, ndipo kirediti ndi giredi yoyambira 1 kufika 6. Akaphatikiza maphunziro asanu ndi limodzi omwe wakhoza bwino, amene ali ndi mapointi ochepa ndiye ali patsogolo, ndiye chifukwa chake mumamva dziko lonse likukamba za mwana amene wapeza mapointi 6. Khomo limeneli ndilo lili pafupi ndi mwana wanu, ndipo ngakhale sukulu za kunjazo, mwana wa ku Malawi akafunsira malo, zimafuna kuona satifiketi ndi magiredi ake a ku sekondale. Choncho bambo ake sakulakwitsa pamene akuti JCE ndi MSCE zisasokonekere.

Koma amalume akenso sakunama. SAT ndi mayeso okonzedwa ndi bungwe la College Board la ku America, ndipo ali ndi zigawo ziwiri zokha: kuwerenga ndi kulemba Chingerezi, ndi masamu. Chigawo chilichonse chimapatsidwa mamalikisi oyambira 200 kufika 800, ndiye zonse pamodzi zimayambira 400 kufika 1600. Ana a ku America ambiri amalemba mayesowa m'zaka ziwiri zomaliza za sekondale, giredi 11 ndi 12. Popeza ife tili ndi zaka zisanu ndi zitatu za pulayimale ndi zinayi za sekondale, Fomu 1 yathu ndi chaka chachisanu ndi chinayi cha sukulu, kotero mwana wanu akufanana ndi wa giredi 9. Kwa ana a msinkhu umenewu College Board ili ndi mayeso ena ofewerapo otchedwa PSAT 8/9, omwe mamalikisi ake amathera pa 1440. Ngati eni mayesowo anaona kuti mwana wa zaka 13 afunika pepala lakelake, ine ndimadabwa ndikamva kuti mnzanga wina akufuna kuika pepala lenileni la SAT pamaso pa ana a Fomu 1.

Ndikuuzeni zomwe ndimaona m'kalasi. Masamu a SAT mbali yake yaikulu ndi aljebra, ndipo kwinako kuli mafunso a magirafu, maperesenti, jometri ndi trigonometri pang'ono. Ambiri mwa mitu imeneyi mwana amakumana nayo mu silabasi yathu yomweyi pofika Fomu 3 ndi Fomu 4. Vuto la ana athu si kusowa mitu. Vuto ndi lakuti mwana amafika Fomu 3 akugwedezekabe pa mafulakishoni ndi manambala okhala ndi chizindikiro chochotsera. Chaka chino ndinalemba pa bolodi funso ili kwa ana a Fomu 2: mtengo wa thumba la simenti wakwera ndi 20 peresenti, kenako watsika ndi 20 peresenti, kodi wabwerera pomwe unali? Pafupifupi kalasi yonse inayankha mokweza kuti eya. Mtsikana mmodzi yekha wokhala kumbuyo ndiye anatenga 100, n'kukweza kufika 120, n'kuchotsa 24, n'kunena motsitsa mawu kuti watsala 96. Funso la mtundu umenewu ndilo SAT imakonda, ndipo mtsikana ameneyo sanamvepo n'komwe dzina la mayesowo. Chomwe ali nacho ndi chizolowezi choyesa yankho asanalikhulupirire.

Ndiye ngati muli ndi ndalama ya maphunziro apadera, ipite kwa mphunzitsi amene angakhale pansi ndi mwanayo n'kupeza pomwe masamu ake anayambira kutsimphina, kaya ndi pa Sitandade 6. Mwanena nokha kuti masamu ndiwo amamukokera pansi. Mwana wotere mukamupatsa mafunso a ana a zaka 17, chomwe angaphunzire ndi kuloweza njira zachidule zopezera yankho, ndipo akalephera kangapo amayamba kudziona ngati mbuli pamene vuto ndi lakuti mutuwo sanafikepo. Kuopa masamu kukamera mu Fomu 1, kumavuta kuzula, ndipo kumadzaonekera pa nthawi yosankha maphunziro mu Fomu 3, mwana akuthawa Physics ndi Additional Mathematics.

Wolemba SAT wa ku Area 18

Amayi, ine ndine mwana kwa inu, koma ndinalemba mayesowa nditamaliza Fomu 4, choncho ndiloleni ndifotokoze momwe zinandikhalira.

Kuyambira 2023, ife a kunja kwa America timalemba SAT pa kompyuta, kudzera pa pulogalamu yotchedwa Bluebook, ndipo a ku America komweko anasintha mu 2024. Mayeso onse amatenga maola awiri ndi mphindi 14, osawerengera kupuma kwa mphindi 10 pakati. Chigawo cha Chingerezi chili ndi mafunso 54 oyenera kuyankhidwa m'mphindi 64, ndipo cha masamu chili ndi mafunso 44 m'mphindi 70. Chigawo chilichonse chimagawidwa pawiri, ndipo momwe wakhozera theka loyamba ndi momwe kompyuta imasankhira ngati theka lachiwiri likhale lovutirapo kapena lofewerapo. Kuti upeze mamalikisi apamwamba uyenera kugwera ku mbali yovutayo. Yankho lolakwika sachotsera mamalikisi, ndiye palibe chifukwa chosiyira funso losayankha.

Ine pa MSCE ndinali ndi 2 mu Chingerezi, ndipo ndinkadziona ngati katswiri. Tsiku loyamba kuyesa mayeso oyeserera pa laputopu ya achimwene anga, nthawi inatha ndisanafike pa mafunso asanu ndi awiri omaliza. Funso lililonse lili ndi kandime kakekake kakafupi, kena ka sayansi, kena ka mbiri yakale, kena ndakatulo, ndipo uli ndi mphindi imodzi yokha ndi timasekondi tochepa kuti uwerenge, umvetse, usankhe. Ine ndinazolowera kuwerenga ndime katatu ndikuloza ndi chala, monga tinkachitira pokonzekera mayeso a kusukulu. Mawu ambiri ndinkawadziwa, koma liwiro ndinalibe, ndiponso ndinkasokonezeka pa mafunso ofuna kusiyanitsa zomwe wolemba wanena ndi zomwe iwe ukuganiza kuti akanayenera kunena. Ku masamu chomwe chinandipunthwitsa poyamba sichinali masamuwo ayi, koma Chingerezi chake ndi miyezo yachilendo monga mafiti, mamailosi ndi magaloni, pamene ife tinakulira mamita ndi malita.

Zonse za kachitidwe ka mayesowa, monga kugwiritsa ntchito kalikuleta ya Desmos yomwe ili m'kati mwa pulogalamuyo, ndinaziphunzira m'miyezi inayi, mwaulere, pa tsamba la pa intaneti la maphunziro lotchedwa Khan Academy ndi pa mayeso oyeserera a mu Bluebook. Ndalama yomwe ndinawononga ndi ya bandulo basi, ndipo ndinkaonetsetsa kuti laputopu yadzaza moto magetsi asanathime. Chomwe sindikanatha kukonza m'miyezi inayi ndi zaka zomwe ndinakhala osawerenga china chilichonse kupatula manotsi. Mnzanga amene tinkakonzekera limodzi anandiposa kutali mu Chingerezi, ndipo kusiyana kwathu kunali kwakuti iye kuyambira ali Sitandade 7 ankapita ku National Library ku City Centre kukabwereka mabuku a nthano, pamene ine ndinkaona ngati kutero n'kutaya nthawi.

Choncho mchemwali wangayo, ngati akufuna kuyamba lero, ayambe ndi kuwerenga tsiku ndi tsiku, kaya theka la ola, buku lomwe palibe amene adzamufunse mayeso ake. Nyuzipepala ya The Nation kapena The Daily Times ya dzulo, yomwe a ku ofesi amataya, ndi chuma. Awerenge ndemanga ya mkonzi, kenako akuuzeni m'Chichewa kuti wolembayo akufuna chiyani ndipo umboni wake ndi uti. Azoloweretsenso zala zake pa kompyuta, chifukwa ndinaona anzanga ena akutaya nthawi kulimbana ndi makina m'malo molimbana ndi funso.

Mudziwenso kuti kulembetsa mayesowa kwa ife akunja kumapitirira madola 100, kulipira kwake n'kwa pa intaneti, ndipo pa tsiku la mayeso pamafunika chiphaso chokhala ndi chithunzi, chomwe ambiri timagwiritsa ntchito pasipoti. Ndalama ya kalasi ya Lowerukayo mukamaisunga kuyambira pano, idzakwanira zimenezi pa nthawi yake. Ku ofesi ya kazembe wa America kuno ku Lilongwe kuli alangizi a EducationUSA, omwe amafotokoza za kafunsidwe ka malo ndi thandizo la fizi.

Bambo a Mphatso, Biwi

Aphunzitsi, ndawerenga zonse mwalemba ndipo ndikukulemekezani, koma pali pena pomwe sindikugwirizana nanu.

Mawu akuti mwana adikire ndinawamvapo kale, ndipo anandipweteka ineyo. Nthawi yathu, kukhoza MSCE sikunali kokwanira kuti ulowe University of Malawi. Panali mayeso ena olowera, oyesa luso la chilankhulo, la manambala ndi la kaganizidwe, osankha yankho pa mayankho angapo, nthawi yake yochepa kwambiri. Ine ndinachokera ku sukulu ya kumudzi ndili ndi mapointi abwino, ndipo pepala la mtundu umenewo ndinaliona koyamba tsiku la mayesolo. Ndinakhala pa funso limodzi la mizere ya manambala mphindi zambirimbiri chifukwa ndinaphunzitsidwa kuti funso sulisiya usanalimalize, ndipo woyang'anira atati tiike mapensulo pansi, theka la pepala linali loyera. Anzathu a m'tauni, omwe makolo awo anawalipirira makalasi okonzekera, ankadziwa kudumpha funso lovuta n'kubwereranso. Sanali anzeru kutiposa, koma anali ataonapo bwalo lomwe tinkasewerapo. Ndinakhala pakhomo chaka china chathunthu.

Ndiye pamene mukuti mwana wa Fomu 1 asaone pepala la SAT, ine ndikufunsa kuti nanga ana a m'sukulu zolipira ndalama zambiri za muno mumzinda, omwe amatsata silabasi za kunja, amadikira? Iwo kaganizidwe ka mayeso oterewa amakula nako. Mwana wa sukulu yoyendera, yemwe kalasi yake ndi yodzaza mpaka pakhomo ndipo buku limodzi amagawana anthu asanu, akadzayamba kumva za zimenezi ali Fomu 4, anzake adzakhala atapita kale. M'mera mpoyamba, anatero akuluakulu. Ndiponso kuyesa ana aang'ono ndi mayeso a akulu si chinthu chachilendo: ku yunivesite ya Johns Hopkins, Julian Stanley anayamba m'zaka za m'ma 1970 kulembetsa SAT ana a zaka 12 ndi 13 pofuna kupeza omwe ali ndi mphatso yapadera ya masamu.

Wina anganene kuti sukulu zambiri za ku America zinasiya kukakamiza SAT mu 2020, nthawi ya Covid-19. Ndi zoona, ndipo zambiri mpaka pano zimalola mwana kufunsira malo popanda mayesowa. Koma yunivesite ya MIT inabwezeretsa lamulo lofuna mayesowa mu 2022, ndipo Dartmouth, Yale, Brown ndi Harvard zinalengeza zobwerera ku mayeso mu 2024. Zina mwa zimenezi ndi zomwe zili ndi thumba lalikulu lothandizira ophunzira osauka ochokera kunja. Kwa mwana wa ku Malawi, amene sukulu yake wosankha wa ku America sanaimvepo, mamalikisi a SAT ndi chinthu chimodzi chomwe wosankhayo angachimvetse popanda womasulira.

Sindikunena kuti amayiwa alipire kalasi imeneyo. Mphunzitsi wakeyo sindikumudziwa. Ndikungokana kuti mwanayo abisiridwe pepalalo.

Mphunzitsi wa Masamu, Kawale

Bambo a Mphatso, zomwe zinakuchitikirani ndazimva ndipo si inu nokha. Pa mfundo yakuti mwana aone bwalo asanasewere, ndagonja. Palibe cholakwika kuti pa holide yaikulu mwanayo akhale pansi ndi mafunso a msinkhu wa PSAT 8/9, wotchi ili patebulo, kuti alawe momwe nthawi imathamangira ndi kuphunzira kudumpha funso lomukanika. Luso limenelo lidzamuthandizanso pa JCE. Kamodzi kapena kawiri pachaka n'kokwanira, ndipo mamalikisi akewo asapachikidwe pakhoma kapena kutumizidwa kwa amalume ake, chifukwa akatero chinthucho chasanduka mpikisano.

Koma za ku Johns Hopkins zija tizimvetse bwino. Cholinga chawo chinali kufufuza ana ochepa omwe masamu a msinkhu wawo anawachepera kale, osati kuphunzitsa ana onse mayankho a mayeso. Mwana amene mayi ake akuti masamu akumuvuta ali pa ulendo wina. Ndiponso ana a sukulu zolipira zija chomwe amatiposa nacho si mapepala a SAT. Ali ndi laibulale, amalankhula Chingerezi tsiku lonse, ndipo mphunzitsi amachonga ntchito ya mwana aliyense. Kalasi ya maola awiri pa Loweruka, ana makumi anayi akukopera mayankho pa bolodi, singatseke mpata umenewo.

Pali chinanso chomwe amayi aganizire. Kachitidwe ka SAT kanasinthidwa mu 2016, n'kusinthidwanso mu 2023. Mwana wanu adzalemba pakapita zaka zitatu kapena zinayi, ndipo njira zachidule zomwe angaloweze lero zikhoza kudzakhala zopanda ntchito. Ngati mukufunabe kuiona kalasiyo, pitani Loweruka limodzi mukakhale kumbuyo. Mufunse mphunzitsiyo kuti mayesowa ali ndi mafunso angati ndipo amalembedwa bwanji. Akatulutsa buku lokhuthala la mafotokope lokhala ndi ndime zitalizitali za masamba athunthu, mudziwe kuti akuphunzitsa mayeso akale a papepala. Muonenso ngati ana akufunsidwa kufotokoza chifukwa chomwe asankhira yankho, kapena akungouzidwa kuti yankho ndi C.

Make Tadala, Area 25

Zikomo kwambiri nonse, ndipo ndawawerengera bambo ake zonsezi usiku wathawu. Iwo anasangalala ndi mawu a aphunzitsi, koma atafika pa nkhani ya bambo a Mphatso anakhala chete, chifukwa nawonso mayeso olowera aja anawalemba kawiri.

Aphunzitsi, funso lanu la simenti ndinamufunsa Tadala tikuphika. Anayankha msangamsanga kuti mtengo wabwerera pomwe unali. Nditamuuza kuti ayese ndi 100, anatenga kakala n'kulemba pansi pa khonde, ndipo atapeza 96 anakwiya, akuti funsolo ndi lachinyengo. Kenako anafufuta n'kuyesanso ndi 500 kuti aone ngati zingasinthe, mpaka nsima inatsala pang'ono kupserera.

Loweruka likubwerali ndipita kukaiona kalasi ija monga mwanenera, ndipo pobwerera tidzera ku laibulale kukafunsa za kalembetsedwe ka ana asukulu. Achimwene a ku Area 18, ndili ndi funso limodzi kwa inu: pakhomo pano tilibe laputopu, tili ndi foni yanga yokha. Kodi maphunziro a Khan Academy aja angatheke pa foni kwa zaka ziwiri zoyambazi, kapena ndiwauze amalume ake kuti m'malo motumiza ndalama ya kalasi, atifunire laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito?